Nkhuku zitatu zokalamba: ina ikutsimphina, ina yachita khungu, ina miyendo yafooka. Tichite bwanji?

Amai a ku Kapata:

Muli bwanji nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za nkhuku. Pakhomo pano pali mathadzi atatu okalamba amene si a ndiwo kapena a malonda. Ndi a ana ndi ambuya awo, ndipo iliyonse ili ndi dzina lake, ndiye za mpeni tisakambe chonde.

Yoyamba ndi yofiira ija ya mazira, ya zaka ngati 5. Yatha milungu itatu ikutsimphina. Pansi pa phazi lakumanzere pali chotupa cholimba chokhala ndi kadontho kakuda pakati. Imaikirabe mwa apo ndi apo koma zigoba za mazira ake ndi zofewa. Yachiwiri ndi ya kumudzi, zaka 8. Maso onse awiri achita mtambo woyera, imajompha pambali pa mbale, ndipo yaonda. Yachitatu ndi ya kumudzinso, zaka 7. Mlungu uno miyendo yangofooka, ikaima imagwa, koma ikudya bwino ndipo maso ali gwa.

Khola ndi la mitengo yamakungwa, lomata ndi dothi, denga la udzu. Mtanda wogonapo uli mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chakudya ndi layers mash yosakaniza ndi gaga theka ndi theka, komanso mkute. Tambala alipo mmodzi. Ndi dzuwa la Okutobala lino ndikuopa kuti ndizitaya zonse.

Atate a ku Msekera:

Amai, yambani ndi yachitatuyo, chifukwa ndi imene ili pa ngozi lero lino komanso ndi imene ingachire msanga ngati vuto ndi limene ndikuganizali. Nkhuku yaikulu imene yafooka miyendo m'masiku ochepa, koma ikudya ndipo maso ali bwino, ndiponso imagona m'khola la mitengo yamakungwa, chinthu choyamba kuchiganizira ndi nkhupakupa za nkhuku, zimene ena amati nkhufi. Zikuluzikulu simuziona masana. Zimabisala pansi pa makungwa ndi m'ming'alu ya dothi, usiku zimatuluka, kuyamwa magazi kanthawi kochepa n'kubwerera. Koma tiana take timakakamira pakhungu masiku angapo, ndipo malovu ake ndi amene amafoola miyendo, kenako mapiko. Itambasuleni phiko pamalo owala, muyang'ane m'khwapa, pantchafu ndi pansi pa khosi. Mukaona timadontho takuda kapena tofiirira ngati nthangala za mpiru tomamatira pakhungu, ndi timeneto. Usiku lowani m'khola ndi tochi, mukungunule khungwa limodzi pamtanda, mudzaona zophwatalala zotuwa zikuyenda.

Mukazipeza, pakani Vaseline kapena mafuta ophikira pamene pali tianato, dikirani pang'ono, muchotse ndi kachitsulo kozulira nsidze kapena chikhadabo. Nkhuku zonse zisagonenso m'kholamo usiku uno. Nthawi zambiri miyendo imayamba kubwerera m'masiku ochepa zikachotsedwa. Ngati palibe nkhupakupa, muonenso izi: khosi likapotoka ndi zitosi zobiriwira, ndi chitopa, chimene ena amati chideru; khosi likangolendewera ngati chingwe, mwina yadya mphutsi za nyama yowola; mwendo umodzi wokha ukamafooka pang'onopang'ono kwa milungu yambiri, pa msinkhu umenewu kawirikawiri chimakhala chotupa cha m'mimba chimene chikupsinja mtsempha wopita kumwendo. Matenda a Marek, amene mwendo wina umaloza kutsogolo wina kumbuyo, amakonda misoti yosakwana chaka, pa ya zaka 7 sindingayambire pamenepo.

Tsopano yofiirayo. Chilonda chimenecho chimayamba ndi kabala kakang'ono pansi pa phazi, tizilombo n'kulowa. Nkhuku yolemera imene imadumpha m'mawa uliwonse kuchokera pa mita imodzi ndi theka n'kutera pa dothi louma la Okutobala, phazi silingapirire. Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kufinya ngati chithupsa cha munthu. Mafinya a nkhuku sakhala amadzi, amauma n'kukhala kachibulumwa kolimba ngati njere ya chimanga yophika, ndiye kufinya kumangowawitsa chabe.

Chitani motere. Madzi ofunda oti chigongono chanu chipirire, lita imodzi, supuni imodzi yaikulu ya mchere. Viikani phazi mphindi 15, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku atatu kapena anayi. Nkhanambo yakudayo ikafewa, kulungani nkhuku m'chitenje mutu uli mkati momasuka kuti ikhale phee, wina aigwire. Sambani m'manja, ngati muli ndi magolovesi valani chifukwa tizilombo take timagwiranso anthu. Tukulani nkhanambo kuchokera m'mphepete, kachibulumwa nthawi zambiri kamatuluka nayo limodzi. Kakakana musakumbe ndi lezala, mangani, mawa muviikenso. Tsukani dzenjelo ndi ayodini wosungunula m'madzi owiritsa mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka. Ikani kansalu koyera, kenako pindani kachinsalu kena ngati kankhata kuti chilonda chikhale pabowo lapakati, isapondere pachilonda penipeni. Bandeji idutse pakati pa zala n'kuzungulira mwendo, koma musathinitse: zala zikazizira kapena kutupa, masulani msanga. Sinthani tsiku lililonse mlungu woyamba, kenako masiku awiri alionse. Kupola kumatenga milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo bandeji ikanyowa ndi zitosi n'kusiyidwa imaipa kuposa kusamanga n'komwe. Ngati kutupa kwakwera kufika pamfundo ya mwendo ndipo pakutentha, pamenepo m'pofunika dokotala wa ziweto, mchere sungathe.

Mtandawo utsike. Kwa nkhuku zokalamba masentimita 20 mpaka 30 ndi okwanira, ndipo ukhale thabwa lopala, lotambalala masentimita 7 kapena 8, m'mphepete mosalaza, kuti phazi lizikhala lonse osati kukolowekera zala. Musasiye mtanda wina wapamwamba, chifukwa nkhuku ikaona pokwera imayesabe ngakhale ilibe mphamvu. Pansi yalani mankhusu a mpunga kapena zopala za matabwa, kuchindikala kwake masentimita 10 kapena kuposerapo. Tambala achoke pakati pa zitatuzi. Nkhuku yosaona kapena yofooka siingathawe, ndipo kukwerako kungavulaze chiuno ndi kung'amba khungu pansi pa mapiko.

Achimwene a ku Katete:

Zimene anena Atate ndi zoona. Ine ndinenepo za chakudya, chifukwa kusakaniza kwanuko Amai kukupweteka mbali ziwiri. Mu layers mash mumakhala kashiamu pafupifupi magawo 4 pa 100, wopangira zigoba za mazira. Mukaika gaga theka, amatsika kufika cha pa 2. Kwa yofiira imene ikuikira, ameneyo ndi wochepa, n'chifukwa chake zigoba zafewa, ndipo thupi limayamba kukoka kashiamu m'mafupa ake. Kwa ziwiri za kumudzi zimene zinasiya kuikira, ndi wochuluka kuposa amene zimafuna, ndipo wotsalayo amalemetsa impso, makamaka nyengo yotentha pamene madzi akuchepa m'thupi.

Njira yake ndi yosavuta. Zonse zitatu zizidya growers mash, ija ya misoti imene ikukula, imene kashiamu wake ali cha pa 1 ndipo zomanga thupi zili cha pa 15 kapena 16. Kashiamu aikidwe m'kambale kakekake: zigoba za mazira zoumika pafupi ndi mbaula n'kusinja kukhala ngati mchere wamiyala, osati ufa. Imene ikuikira idzatola yokha, zinazo zidzangodutsa. Kambale kena kakhale ka timiyala ta mchenga wa kumtsinje, chifukwa nkhuku yosayenda siitolanso timiyala togayira chakudya m'nthutumba.

Thadzi limodzi limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye zitatu ndi makilogalamu 10 pamwezi. Musagule thumba lalikulu, lidzachita chuku musanafike pakati. Ngati mukufuna kusakaniza nokha makilogalamu 10 amenewo: 7 ndi theka chimanga chogaya mokhakhala pamodzi ndi gaga, 1 ndi theka soya wokazinga n'kugaya, 1 zotsalira za mpendadzuwa zija za kumakina ofinyira mafuta, mchere magalamu 30 basi, ndi premix, ufa uja wa mavitamini wosakaniza m'chakudya cha nkhuku, monga alembera papepala lake. Soya akhale wokazinga ndithu mpaka fungo lauwisi lithe, wosakazinga amaletsa thupi kugaya zomanga thupi. Zotsalira za nthangala za thonje, ngakhale zili zotchipa kuno kwathu, musazipatse. Mkute wopanda ndiwo ulibe vuto pang'ono, koma wonyowa ndi msuzi wamchere ndi mafuta ayi. Kotapela ndi poizoni kwa mbalame. Chimanga chowola cha pansi pa nkhokwe ndi nshawa zachuku, zija timati tipatse nkhuku, ndi zimene zimapha chiwindi mwakachetechete.

Chinanso, chimanga choyera mulibe vitamini A. Nkhuku yoyendayenda imamupeza m'masamba, koma yotsekeredwa imamusowa. Tsiku lililonse dulani chibwabwa, bondwe, kalembula kapena masamba a moringa tizidutswa ting'onoting'ono, kadzanja kamodzi kwa zitatu. Dzungu lophika ndi chimanga chija cha olenji zimathandizanso.

Za yakhunguyo. Ngati mtambo woyerawo uli mkati mwa diso, diso louma, losatupa, lopanda fungo, ndi ng'ala ya ukalamba ndipo palibe mankhwala odonthezera amene angaichotse. Musawononge ndalama. Kukakhala kutupa kwa nkhope, mamina ndi fungo loipa, kapena zoyera ngati chambiko pansi pa chikope, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ndi yochizika. Nkhuku yakhungu siimafa ndi khungu, imafa ndi njala chakudya chili pomwepo, chifukwa nkhuku imadya ndi maso. Ipatseni kamalo kakekake, mita imodzi mbali zonse, kotchinga. Mbale ya chakudya ndi ya madzi zikhale pangodya imodzi ndipo zisasunthe ngakhale tsiku limodzi. Mbale ya chakudya ikhale yotambalala ndi yodzaza, chakudya chakuya masentimita 5, kuti paliponse pamene yajompha ipeze kanthu. Kuwaza chimanga pansi n'kuizunza. Nyowetsani mash ndi madzi ofunda ikhale ngati phala lolimba, imagwira bwino kukamwa. Gogodani mbale ndi chala nthawi iliyonse yodyetsa, phokoso lomwelomwelo, masiku oyamba muzigunditsa mlomo wake pachakudya ndi pamadzi. Yalani saka patsogolo pa mbale zokha, mapazi adzaphunzira kuti pasaka ndiye podyera. Mbale ya madzi ikhale yolemera ndi yosaya kwambiri, kuti ikapondamo isagubuduze kapena kumira.

Chakudya chonyowa chimasasa msanga ndi kutentha kuno. Chikatha maola awiri tayani, tsukani mbale.

Kuti mudziwe ngati ikudyadi, musakhulupirire maso, nthenga zimabisa. Madzulo gwirani chithokomiro, kathumba kaja ka pansi pa khosi kumanja: chikhale chodzaza. M'mawa musanadyetse chikhale chopanda kanthu. Chikakhala chodzazabe m'mawa, cholimba kapena chamadzimadzi chonunkha kukamwa, chakudya sichikutsika. Gwiraninso fupa la pachifuwa, likamatuluka ngati mpeni ndiye kuti yaonda kwambiri. Ikani pasikelo kamodzi pamlungu mulembe. Ya makilogalamu 2 ikataya magalamu 200, pali vuto. Yoondayo muiwonjezere theka la dzira lowiritsa patsiku, kapena chiswe, kapena kapenta wochepa woviika m'madzi kuti mchere uchoke. Ndipo musanainyamule muziyankhula kaye, dzanja longotulukira mwadzidzidzi kwa iyo ndi kabawi.

Amai a ku Kapata:

Zikomo kwambiri Atate ndi Achimwene. Timadontho tija tapezeka m'khwapa zonse ziwiri, ndipo pansi pa makungwa zilipo zambiri. Tachotsa, zonse zitatu zagona m'makatoni pakhonde. Mafunso ena: anthu akuti ndipake oilo wakuda wa galimoto kapena palafini pamiyendo chifukwa mamba atukuka, ena akuti ndisungunule kapisozi m'madzi. Nanga yofookayi ndiikhazike bwanji? Ikumagwera chammbali n'kudzipaka zitosi. Pansi ndayala makoko a nshawa poti ndi amene alipo.

Asisi a ku Petauke:

Amai, kudzipaka zitosiko ndiye koopsa kwambiri mwezi uno kuposa miyendoyo. Ntchentche zobiriwira zija zimaikira mazira pa nthenga zonyowa za kumbuyo, ndipo ndi kutentha kotere mphutsi zimaswa tsiku lisanathe n'kuyamba kudya khungu. Tengani sizasi mumete nthenga zonse za pansi pa mchira, musazule. M'mawa ndi madzulo tukulani mchira muyang'ane. Pakada tsukani ndi madzi ofunda, pukutani paume, pakani Vaseline pang'ono pakhungu. Mukapeza mphutsi, ikhazikeni m'beseni la madzi ofunda amchere pang'ono, zambiri zimayandama, zotsala muchotse imodziimodzi, mubwerezenso pakatha maola ochepa chifukwa mazira ena amaswa mochedwa. Katoniyo muivundikire ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu yochapa, neti isakhudze nkhuku.

Pokhazika, ipangireni kampando. Pezani kireti yapulasitiki kapena khomani timatabwa tinayi, mulitali masentimita 40, mulifupi 30. Kungani chitenje pamwamba ndi mapegi kapena timisomali, chilendewere pang'ono pakati. Boolani mabowo awiri a miyendo, lililonse lotambalala ngati zala zitatu, otalikirana ngati chikhatho chopanda chala chachikulu, ndipo kumbuyo dulani chitenje kuti mchira utulukire kunja, zitosi zizigwera pansi. Chofunika kwambiri ndi msinkhu wake: mapazi azifika pansi, zala zitatambasuka, mawondo atapindika pang'ono. Ikalendewera m'mwamba miyendo imatupa, ikatsika kwambiri kampandoko sikagwira ntchito. Chitenje chinyamule chifuwa ndi mimba koma chisapsinje chithokomiro. Timakapu ta chakudya ndi madzi mumangirire kutsogolo pamene mlomo ufika. Yambani ndi mphindi 20 katatu patsiku, ikazolowera mufike ola limodzi kapena awiri. Musaisiye m'menemo usiku kapena popanda munthu pafupi, ikayamba kupeza mphamvu imaphupha n'kudzikola.

Ikatsika pakampando, pindani nsanza kapena thaulo lakale ngati nkhata yosenzera mtsuko, koma yotseguka kumbuyo, muikhazike pakati miyendo itapindika pansi pake monga imakhalira pa mazira. Nkhatayo imaletsa kugwera chammbali. Kawiri patsiku gwirani mwendo uliwonse, pindani ndi kutambasula pang'onopang'ono ka 10, zala nazonso, kuti mfundo zisaume. Tsiku lililonse patulani nthenga za pachifuwa muone khungu la pafupa: likafiira kapena kutupa ngati thuza, pogona pakuuma, wonjezerani zoyala.

Pakhondepo samalani ndi linthumbu, makamaka mvula ikangoyamba mu Novembala. Nkhuku yabwino imathawa, yopuwala imadyedwa ili moyo. Katoni isakhale pansi. Ikani patebulo, miyendo ya tebulo muiike m'zitini za madzi, ndipo pasakhale nsalu yolendewera kufika pansi. Makoswe nawonso amaluma zala za nkhuku yosasuntha, ndiye usiku ndi bwino ilowe m'nyumba kapena m'kireti yotchinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono.

Za dzuwa. Nkhuku ilibe thukuta, kukatentha kupitirira madigiri 30 imayamba kupuma pakamwa yasa, mapiko atatayika. Yabwinobwino imasamukira pamthunzi, yanuyi siingathe, ndiye mthunzi wa m'mawa usakupusitseni: onani pamene dzuwa lifika 2 koloko masana. Pansi pa mtengo wa mango ndi pabwino kuposa pansi pa malata. Pachikani saka lonyowa kumene kukuchokera mphepo. Madzi a thadzi limodzi ndi kapu imodzi patsiku, kukatentha amafika makapu awiri. Muzitunga a mumtsuko wadothi n'kusintha katatu, chifukwa madzi ofunda nkhuku imawakana. Chakudya chachikulu chikhale m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo. Ikalefuka ndi kutentha, imikani mapazi ake m'madzi ozizira ndi kunyowetsa m'khwapa, koma osati madzi a m'firiji. Ikasiya kumwa yokha, sungunulani masupuni 6 a tiyi a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, mudonthezere pambali pa mlomo ndi sirinji yopanda singano, dontho limodzilimodzi, izimeza yokha. Musatsanulire kukhosi. Bowo lopumira lili kuseri kwa lilime, madzi akalowa m'menemo ndiye kuti mwaipha ndi chifundo chanu chomwe. Madzi a shugawa ndi a tsiku limodzi kapena awiri chabe.

Juni ndi Julayi akafika vuto limatembenuka, mfundo zokalamba zimauma ndi chisanu. Tchingani ndi masaka mbali ya mphepo, pamwamba pakhale potulukira mpweya. Mbaula m'khola lotseka ayi, utsi wa malasha umapha nkhuku msanga kuposa munthu.

Makoko a nshawa ndi ofewa bwino akaphwanyidwa, ine ndikuona kuti mungapitirize nawo.

Atate a ku Msekera:

Pa makoko a nshawa ndisiyana nanu pang'ono Asisi. Kwa nkhuku zoyenda, makoko ouma bwino alibe vuto. Koma iyi mphuno yake ili pa zoyalazo usana ndi usiku, madzi akutayikira pomwepo, ndipo makoko a nshawa ndi amene amagwira chuku msanga. Chuku chimenecho chikalowa m'mapapo mankhwala ake ndi ovuta. Ngati palibe china, aumikeni padzuwa tsiku lathunthu, mutaye onse akuda ndi onunkha chinyezi, pamwamba muyale nsanza yosintha kawiri patsiku. Utuchi wosalala ngati ufa nawonso ayi, umalowa m'maso ndi m'mphuno.

Oilo wakuda ndi palafini musapake Amai. Zimawotcha khungu, zimalowa m'thupi, ndipo nkhuku imadzikonza ndi mlomo. Mamba otukukawo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba pansi pa mamba. Viikani miyendo m'madzi ofunda a sopo mphindi 10, tsukani ndi mswachi wakale mopepuka, pukutani, pakani Vaseline wambiri kuchokera kuzala kukwera m'mwamba kuti alowe pansi pa mamba. Bwerezani masiku atatu alionse kwa milungu inayi. Mamba akalewo musawakanganule, adzagwa okha, ndipo miyendo imatenga miyezi kuti isalale. Mukaona utitiri wakuda womamatira kuzungulira maso ndi palipombo, Vaseline yemweyo amagwira ntchito. Pomwepo muonenso zikhadabo: nkhuku yosapalasa zimakula n'kupotoza zala. Wengani nsonga yokha, magazi akatuluka dinani ndi ufa.

Kapisozi wa anthu m'madzi sachotsa nkhupakupa, sachiza ng'ala, ndipo mulingo wake umakhala wongoganizira. Mankhwala a ululu a anthu ndiye oopsa zedi, diclofenac amawononga impso za mbalame. Ngati nyamakazi yafika poti nkhuku ikukana kuima, dokotala wa ziweto ali ndi mankhwala oyenera amene amapereka molingana ndi kulemera kwake. Dibi ya ng'ombe isakhudze nkhuku. Mankhwala a njoka za m'mimba muzipereka miyezi itatu kapena inayi iliyonse monga mwa papepala, koma dziwani kuti piperazine amapha njoka zozungulira zokha, ndipo mazira a masiku amene alembedwa papepalapo asadyedwe. Katemera wa chitopa, kaya I-2 kaya La Sota, dontho limodzi m'diso miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ukalamba suteteza ku chitopa ndipo nyengo yake ndi ino. Yakhungu ndi yofiira zingalandire tsopano ngati zikudya bwino, yofookayo idikire iyambe yaima. Funsani alangizi a ziweto a kudera lanu tsiku limene akutemera, chifukwa botolo limodzi ndi la nkhuku zambiri ndipo La Sota akasungunulidwa amatha mphamvu m'maola awiri.

Ambuya a ku Chadiza:

Mwana wanga, anzanuwa akuuzani zambiri zabwino, koma yofiirayo mukuiona phazi lokha. Nkhuku za mazira zimenezi zinapangidwa kuti ziikire pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zikapitirira zaka 3 chimene chimazitenga kawirikawiri ndi matenda a njira ya mazira. Kamodzi pamlungu ikani dzanja pamimba pake, pakati pa miyendo ndi mchira. Pazikhala pofewa. Pakafufuma ngati chibaluni cha madzi, kapena kulimba, nkhuku n'kumaima chilili mchira uli pansi, ikuyenda motangadza, ndiye kuti mazira akugwera m'mimba kapena muli chotupa. Dokotala angachotse madzi kuti ipume bwino, koma amabwereranso. Musaboole nokha.

Dzira likakanirira, mudzaona ikulowa ndi kutuluka pachisa, ikukankha popanda kanthu. Ikhazikeni m'madzi ofunda ofika pamimba mphindi 20, pukutani, pakani Vaseline potulukira, ipatseni zigoba zosinja m'chakudya chonyowa, muiike pamdima pofunda. Musafinye mimba, dzira likasweka mkati limacheka. Tsiku likatha lisanatuluke thamangirani kwa dokotala. Nyama yofiira ikatulukira kumbuyo, ipatuleni msanga chifukwa zinzake zimajompha chofiira chilichonse. Tsukani, pakani uchi kuti kutupa kutsike, bwezerani mkati pang'onopang'ono ndi chala choyera.

Chimene chingaithandize kwambiri n'kusiya kuikira. Kuwala ndi kumene kumaiuza nkhuku kuti iikire, ndiye pakhonde pamene mwaiikapo, ngati babu kapena nyale ya sola imayaka usiku, mukuikakamiza ntchito. Igone pamdima weniweni, ndipo mungachedwetse kuitulutsa m'mawa kuti kuwala kusapitirire maola 10 patsiku, bola m'chipindamo musatenthe.

Ndinene ndi ichi chimene simufuna kumva. Mwati za mpeni tisakambe, ndipo ndamva, si za ndiwo. Koma nkhuku imabisa ululu mpaka kumapeto. Ikakhala kuti ikudya, ikudzikonza nthenga, ikuyankha mukaiitana, ngakhale isayendenso ili ndi moyo wake ndipo isamalireni. Ikatha masiku atatu ikukana chakudya ngakhale cha m'manja, mutu sukudzuka, ikupuma movutika usiku kozizira, lipombo lada, pamenepo kuisunga n'kuitalikitsira ululu. Itanani dokotala wa ziweto kapena munthu wodziwa kuthyola khosi kamodzi n'kamodzi, osati wophunzirira pomwepo, ndipo anawo muwauze zoona tsiku lisanafike. Nyama yake isadyedwe kapena kupatsidwa agalu. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi kutali ndi chitsime, pamwamba muike miyala.

Achimwene a ku Katete:

Chimodzi chatsala, kholalo. Musazibwezeremo chifukwa choti mwasesa. Nkhupakupa zimenezi zimatha kukhala chaka ndi kupitirira osayamwa kanthu, ndiye kulisiya lopanda nkhuku mwezi umodzi sikuzipha. Mitengo yamakungwa, mtanda wakale ndi udzu wa padenga zitenthedwe. Ngati zipupa mukuzisunga, thirani madzi owira m'ming'alu, mumate bwinobwino pasatsale kabowo, mupopere mankhwala olembedwa kuti ndi a m'makola a nkhuku, nkhuku zili kunja, ndipo mubwereze pakatha masiku 7 mpaka 10 chifukwa mazira ake safa ndi kupopera koyamba. Kunena zoona, pa nkhuku zitatu n'kwapafupi kumanga kakhola katsopano ka njerwa zopaka pulasitala kapena matabwa opala, patali ndi lakalelo komanso patali ndi mtengo umene nkhuku zina zimagonamo. Tambala nayenso mumuyang'ane m'khwapa, ndipo makatoni a pakhondewo muzitentha mlungu uliwonse n'kuika ena, chifukwa tiana timene tinatsalira pathupi tikakhuta timagwa n'kubisala m'mapindo a katoni.